Phokoso Lija Linali Kulira

Mwezi wathawu mwana wa mlongo wanga, amene tikukhala naye pakhomo pano kuchokera pamene banja la makolo ake linatha, anabwera kudzadya atavala tisheti yakuda ya pakaunjika. Pachifuwa panali nkhope yachikasu yomwetulira mokhotakhota, maso ake ngati timitanda, lilime lili panja, ndipo pamwamba pake panalembedwa dzina lakuti Nirvana. Matisheti otere ndawaonapo ambiri m'misika yathu. Amavala anyamata a kabaza, amavala ana asukulu, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti dzinalo ndi la yani. Ndinkayesa kuti wathuyunso sadziwa. Nditamufunsa, anatulutsa foni n'kundiika mahedifoni kukhutu. Ndinapirira kanthawi kochepa chabe. Magitala ankalira ngati macheka, ng'oma ngati wina akugwetsa malata, ndipo woimbayo ankakuwa ngati wapsa ndi moto. Ndinamulanda mahedifoniwo n'kumuuza kuti zoterezi sizilowa m'nyumba ya Mkhristu. Sanayankhe. Anadya nsima theka n'kupita kukagona.

Usiku womwewo mayi a kunyumba anandifunsa kuti, "Bambo, inu mwamva phokoso. Nanga mwamufunsa kuti iyeyo akumvamo chiyani?" Ndinalibe choyankha. Masiku otsatira ndinakhala pansi kuwerenga mbiri ya nyimbozi, ndipo zimene ndinapeza ndi zimene ndabwera nazo mwezi uno, makamaka kwa makolo anzanga.

Chimbale chimene eni ake sanachiyembekezere

Nirvana linali gulu la anyamata atatu a ku America. Kurt Cobain ankaimba ndi kuliza gitala, Krist Novoselic ankaliza gitala ya besi, ndipo Dave Grohl anali pa ng'oma. Awiri oyambawo anakumana ku Aberdeen, tauni yaing'ono yocheka matabwa m'chigawo cha Washington, kumene mvula sikata ndipo ntchito zinali zitayamba kusowa. Chimbale chawo choyamba, Bleach, chinatuluka mu 1989 kudzera ku kampani yaing'ono ya ku Seattle yotchedwa Sub Pop, ndipo kuchijambula kunangodya madola 600 ndi pang'ono. Nyimbo za mtundu umenewu ankazitcha alternative rock chifukwa zinali za kumbali. Mawailesi akuluakulu sankaziimba. Zinkamveka pa mawailesi a ana a kuyunivesite ndi m'timaholo ting'onoting'ono.

Chimbale chachiwiri, Nevermind, anachijambula mu May ndi June 1991 ku situdiyo ya Sound City ku California, wojambula wake ali Butch Vig. Chinatuluka pa 24 September 1991 pansi pa kampani ya DGC. Kampaniyo inatumiza m'masitolo a ku America makope pafupifupi 46,000 okha, ndipo inkaganiza kuti zikayenda bwino kwambiri igulitsa makope 250,000. Pa mndandanda wa Billboard, umene umaonetsa zimbale zimene zikugulidwa kwambiri, chinalowa pa nambala 144.

Kenaka wailesi ya kanema ya MTV inayamba kuonetsa usana ndi usiku vidiyo ya nyimbo yoyamba ya m'chimbalemo, Smells Like Teen Spirit. Masitolo anayamba kusowa makope. Pa 11 January 1992 Nevermind inafika pa nambala 1, n'kuchotsapo chimbale cha Michael Jackson chotchedwa Dangerous. Amene tinakula nthawi ya makaseti tikudziwa kuti Michael Jackson anali ndani ngakhale kwathu kuno, choncho tingamvetse kukula kwa nkhaniyi. Nthawi imeneyo ankagulitsa makope pafupifupi 300,000 pa mlungu umodzi. Kufika lero chimbalechi chagulidwa makope oposa 30 miliyoni padziko lonse.

Akatswiri olemba za nyimbo anachedwa kuzindikira zimene zinkachitika. Magazini ya Rolling Stone inachipatsa nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo patapita zaka magazini yomweyo inachiika pakati pa zimbale zopambana m'mbiri yonse. Olemba za nyimbo amene nyuzipepala ya Village Voice ya ku New York inawafunsa anachisankha kukhala chimbale chopambana cha 1991. Makampani anathamangira ku Seattle kukasaka magulu ena oimba chimodzimodzi, ndipo Pearl Jam, Soundgarden ndi Alice in Chains anagulitsa makope mamiliyoni. Malaya a mandalasi ndi majinzi ong'ambika, zimene anyamatawa ankagula pa kaunjika wa kwawo chifukwa cha umphawi, zinayamba kusokedwa dala n'kumagulitsidwa pamtengo wokwera m'masitolo apamwamba. Lero chimbalechi chikusungidwa ku Library of Congress, nyumba yaikulu ya mabuku ya boma la America, pakati pa zojambula zimene dzikolo limaziona kuti ndi chuma cha mtundu.

Ankamvamo chiyani?

Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa ogulawo sankamva mawu a nyimbozi. Cobain ankameza mawu poimba, moti mu 1992 woimba wanthabwala Weird Al Yankovic anapeka nyimbo yoseka zoti palibe amene akumva zimene mnyamatayu akunena. Ngakhale mutu wa nyimbo yotchuka ija unachokera pa nthabwala imene mnzake analemba pakhoma, yonena za mafuta onunkhiritsa m'khwapa a atsikana otchedwa Teen Spirit, ndipo Cobain ananena kuti pa nthawiyo sankadziwa kuti kuli mafuta a dzina limenelo. Ndiye ngati mawu sankamveka, anthu mamiliyoni onsewo ankagula chiyani?

Yankho lina lili m'kapangidwe ka nyimbozo. Zambiri zimayamba motsitsa, woimba akung'ung'udza ngati munthu wolankhula yekha, kenaka mwadzidzidzi zonse zimaphulika, magitala ndi ng'oma ndi kukuwa, n'kubwereranso pansi. Cobain anavomera kuti njira imeneyi anaitengera kwa gulu lina lotchedwa Pixies. Aliyense amene analerapo mwana wosunga zinthu mumtima akuidziwa njira imeneyi. Mwana amakhala duu mlungu wonse, tsiku lina n'kumenyetsa chitseko pa nkhani ya supuni.

Yankho lina lili m'makomo mmene ogulawo anakulira. Pakati pa 1965 ndi 1980 chiwerengero cha maukwati otha ku America chinawirikiza kawiri. Ana ochuluka a zaka zimenezo ankachoka kusukulu n'kukatsegula okha nyumba yopanda munthu, kapena ankakhala mlungu uno kwa bambo, mlungu wamawa kwa mayi. Pofika 1991 anawo anali anyamata ndi atsikana, ndipo nyimbo zimene zinkamveka pa wailesi zinali za maphwando, magalimoto ndi zibwenzi. Kenaka anamva mnzawo wa msinkhu wawo, wovala ngati iwo, akukuwa mmene iwo ankafunira kukuwa.

Cobain anali mmodzi wa ana amenewo. Anabadwa pa 20 February 1967, ndipo makolo ake analekana ali ndi zaka 9. Kuchokera pamenepo anayendayenda, lero kwa bambo ake, mawa kwa achibale, mkuja kwa makolo a anzake. Kwa kanthawi anasungidwa ndi banja lina lachikhristu ndipo ankapita nawo kutchalitchi. Atakula ananena poyera kuti kutha kwa banjalo kunamuchititsa manyazi pamaso pa anzake, ndipo ankalakalaka atakhala ndi banja la bambo ndi mayi ngati ana ena. Nditawerenga zimenezi ndinaika pepala pansi, chifukwa ndinaona mnyamata wanga uja amene anasiya nsima theka.

Chikomekome cha nkhuyu

Pachikuto cha Nevermind pali khanda likusambira m'madzi kulondola ndalama ya dola imene yakoledwa ku mbedza. Mbedzayo inakola mwini chimbale yemwe. Kutchuka kunabwera msanga kuposa mmene akanakusenzera. Anayamba kudandaula kuti chimbalecho anachisalaza kwambiri kuti chikomere msika. Ankanyansidwa kuona m'gulu la omutsatira muli anyamata a mtundu womwe unkamuzunza kusukulu, ndipo nyimbo yake ina ya m'chimbale chomwecho, In Bloom, imanena za munthu amene amaimba nawo mokondwa osadziwa tanthauzo la nyimboyo.

Kwa zaka zambiri ankadwala m'mimba mopweteka kwambiri, ndipo madokotala sanapeze chenicheni chimene chinkayambitsa. Iye ankanena kuti mankhwala ozunguza bongo a heroin ndi amene ankamuchepetsera ululuwo. Umu ndi mmene ambiri amakodwera. Mankhwalawa amagonetsa ululu kwa maola ochepa, thupi limazolowera n'kumafuna ochuluka, ndipo tsiku limene munthu sanawapeze, ululu umabwerera ndi anzake: kusanza, kunjenjemera, kusowa tulo ndi chisoni chachikulu. Anakwatira woimba mnzake Courtney Love mu February 1992, ndipo mwana wawo wamkazi anabadwa mu August chaka chomwecho. Chimbale chachitatu, In Utero, chinatuluka mu September 1993 n'kufikanso pa nambala 1. Kunja zonse zinkaoneka kuti zikuyenda.

Mu March 1994 anathamangira naye kuchipatala ku Rome ali chikomokere atamwa mankhwala mopitirira muyeso. Atabwerera kwawo, mkazi wake ndi anzake anamukakamiza kupita kumalo othandiza anthu kusiya mankhwala ku Los Angeles, koma anathawako patangopita masiku ochepa. Pa 8 April 1994 anamupeza atafa kunyumba kwake ku Seattle. Anadzipha ali ndi zaka 27, mwana wake asanakwanitse zaka ziwiri. Panali patangopita zaka ziwiri ndi miyezi itatu kuchokera tsiku limene anachotsa Michael Jackson pa nambala 1.

Pali chinthu chimodzi chimene chinachitika pambuyo pa imfayi chimene ndikufuna tichisunge. Madokotala ankaopa kuti achinyamata ambiri atengera zimene wachita munthu amene ankamukonda, pakuti zotere zimachitika munthu wotchuka akadzipha. Mu 1996 katswiri wa za maganizo David Jobes ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atafufuza za ku Seattle m'milungu yotsatira imfayo. Chiwerengero cha odzipha sichinakwere. Chimene chinakwera ndi chiwerengero cha anthu oimba foni kumalo opereka uphungu kupempha thandizo. Zina mwa zifukwa zimene anatchula n'zakuti atolankhani ambiri sanaikometse imfayo, ananena poyera za matenda ndi mankhwala amene ankamuvutitsa, anaonetsa chisoni cha abale ake, ndipo ankalengeza manambala a foni a kumene munthu angapeze thandizo. Nkhani itakambidwa poyera ndi mwanzeru, anthu amene akanafa mwakachetechete anatsegula pakamwa.

Ndiye tiziimba m'nyumba zathu?

Ena mwa owerenga afika pano akudabwa ngati ndasintha chikhulupiriro. Sindinasinthe. Mu 2004 mpingo wathu unavomereza malangizo a mmene Mkhristu angasankhire nyimbo, ndipo sefa yake ndi yomwe Paulo anapereka pa Afilipi 4:8. Ndikasefa Nevermind ndi sefa imeneyo, zambiri zimatsalira pamwamba. Nyimbozi zimalitchula bala molondola, koma zimamusiya munthu ali pomwepo, alibe kolowera. Mwana amene akuzimva maola anayi pa tsiku, ali yekha m'chipinda, akubwereza chisoni chomwecho ngati munthu wotokosa chilonda ndi chala. Pali nkhani ya makutunso. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa chomvera nyimbo mokweza, ndipo Dave Grohl mwini wake wanena poyera kuti makutu ake anawonongeka moti nthawi zina amadalira kuyang'ana milomo ya wolankhula. Timinyewa ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso.

Cholakwa changa chinali pena. Ndinaweruza nyimbo n'kuiwala kufunsa za womvera. Mwana sasankha nyimbo mwangozi. Pa nyimbo zikwizikwi zimene zili pa intaneti, mnyamata wa Fomu 3 wa kuno kwathu, amene Chingerezi chake n'chapasukulu, anasankha kukuwa kwa munthu amene anafa iye asanabadwe. Kusankhako kunali uthenga, ndipo ine ndinaung'amba ndisanauwerenge. Ndinachita ngati mayi amene wamva khanda likulira usiku n'kutseka chitseko kuti phokoso lisamveke.

Baibulo siliopa kulira kwa munthu mmene timakuopera ife. Werengani Salimo 88. Kuyambira vesi loyamba mpaka lomaliza ndi dandaulo, ndipo limathera mumdima, lopanda mawu otonthoza kumapeto. Mulungu analola kuti likhale m'buku la nyimbo la anthu ake. Kusiyana kwake ndi nyimbo za Cobain n'kwakuti wolira wa m'Salimo akudziwa amene akumulirira. Werenganinso 1 Mafumu 18 ndi 19. Eliya anapempha imfa atangochoka pa chipambano chachikulu kwambiri cha moyo wake pa phiri la Karimeli. Taonani mmene Mulungu anamuchitira. Anayamba wamulola kugona, anamupatsa chakudya ndi madzi, anamulolanso kugona, n'kumudyetsanso kachiwiri. Pambuyo pake ndi pamene anamufunsa funso n'kumusiya kuti akhuthule zonse za kumtima. Pomaliza anamupatsa ntchito ndi mnzake woyenda naye, Elisa. Chidzudzulo sichinali poyambira.

Kwathu kuno timalera anyamata ndi mawu akuti mwamuna salira. Chaka ndi chaka apolisi akamalengeza za anthu amene adzipha m'dziko muno, ochuluka amakhala amuna. Mnyamata amene tamuletsa kulira pamaso pathu amakasaka wina womulirira, ndipo masiku ano amamupeza m'foni.

Zoyenera kuyang'ana

Si mwana aliyense womvera nyimbo zaphokoso amene akudwala maganizo. Ena amangokonda gitala. Koma tcheru chikhalepo ngati nyimbozo zabwera limodzi ndi kusintha kwina: mwana wasiya kudya kapena akudya mopitirira, sagona usiku kapena akungogona usana wonse, wasiya anzake ndi masewera amene ankakonda, maphunziro atsika mwadzidzidzi, akudandaula mutu kapena m'mimba koma kuchipatala sakupeza kanthu, wayamba mowa, chamba kapena kumwa mankhwala a chifuwa asakudwala. Choopsa kwambiri ndi pamene ayamba kugawa zinthu zake zimene amazikonda, kapena kunena kuti ndi mtolo kwa inu ndipo zikanakhala bwino akanapanda kubadwa. Mawu otere musawatenge ngati chibwana.

Mukaona zotere mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Ambiri timaopa kuti funsoli limupatsa maganizo amene analibe, koma akatswiri a za maganizo apeza kuti kufunsa sikubzala maganizowo, ndipo kawirikawiri munthu amapepukidwa kuti wina waona. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani pafupi mankhwala a mbewu ndi china chilichonse chimene angadzipweteke nacho, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino kapena madokotala oona za matenda a maganizo. Kuli chipatala cha Zomba Mental, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo abale athu a ku Zambia ali ndi Chainama ku Lusaka. Pempherani naye, itanani abusa kapena akulu a mpingo amene amadziwa kusunga chinsinsi, koma kuchipatala mupitebe. Mwana akadwala malungo timapemphera tili pa ulendo wa ku Malamulo, ndipo palibe amene amati chikhulupiriro chathu chachepa. Matenda a maganizo ndi matendanso.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadikira mpaka Lamulungu lotsatira, tili awiri kudimba tikuthirira mpiru, chifukwa anyamata amamasuka manja akamagwira ntchito ndipo simukuyang'anana m'maso. Ndinayamba ndi kupepesa, chinthu chimene amalume ambiri sitinazolowere. Kenaka ndinamufunsa funso la mayi a kunyumba lija. Anathirira mzere wonse asanayankhe.

"Amalume, mawu ake sindimva onse," anatero. "Koma akamakuwa ndimamva ngati akukuwira ine."

Anandiuza kuti kuchokera pamene mayi ake anapita ku Johannesburg kukasaka ntchito, bambo ake n'kukwatira kwina, aliyense amamufunsa ngati wadya, ngati fizi yalipiridwa, ngati wapita ku Sukulu ya Sabata. Palibe anamufunsapo ngati amawasowa makolo ake. Anandiuzanso kuti patha miyezi itatu akudzuka pakati pa usiku osagonanso, ndipo mahedifoni aja ndi amene ankamufikitsa m'mawa. Ine ndinkagona chipinda choyandikana naye miyezi yonseyo.

Ndinamuuza mbiri ya Cobain yonse, kuyambira ku Aberdeen mpaka ku Seattle, osabisa mathero ake. Sankaidziwa. Anakhala chete, kenaka anafunsa kuti mwana wamkazi uja analeredwa ndi yani.

Tinapangana zingapo. Mahedifoni ndinamubwezera, koma foni imagona pabalaza ikakwana 9 koloko usiku, ndipo kuyambira kulowa kwa dzuwa Lachisanu mpaka kulowa kwa dzuwa Loweruka nyimbozo zimapuma. Lamulungu lililonse madzulo amalankhula ndi mayi ake pa foni yanga, ine nditatuluka panja. Tinapita limodzi kukaonana ndi namwino wa za maganizo pa nkhani ya tulo ija, ndipo tikupitabe. Sindinganene kuti zonse zatha, chifukwa masiku ena amadzukabe ali duu. Tisheti ija akuvalabe, ndipo ndasiya kuiyang'ana ndi diso loipa. Mlungu wathawu anandipempha kuti ndimugulire gitala. Mkulu wina wa kwaya ya kumpingo kwathu wavomera kumuphunzitsa Lachitatu lililonse akaweruka kusukulu, ndipo ine ndayamba kufunsa mitengo.